Dothi ndi dongo pa laputopu ya 2011

Laputopu imeneyi inalowa m'nyumba mwathu ku Tafara ili m'jumbo, itagona pamwamba pa repu ndi tomato. Mlongo wanga amasesa ndi kukolopa pa ofesi ina mtauni, ndipo tsiku limenelo mabwana ake ankataya katundu wakale: mipando yothyoka, mafaelo odyedwa ndi chinyezi, ndi makompyuta angapo omwe anati atha ntchito. Iye anapemphako imodzi. Atafika anaitsitsa patebulo n'kunena kuti, "Achimwene, inu mumakonda kutokosa zinthu zakufa. Taonani ngati muli kampweya umu. Anawa andilemetsa mutu ndi nkhani ya magemu."

Anawo ndi anyamata ake awiri, wina wa zaka 14, wina wa zaka 9. Anabadwira konkuno ku Harare, monganso ine ndi mayi awo. Amanditchula kuti sekuru, chifukwa Ashona amatero kwa mlongo wa mayi awo, ndipo amayi athu, agogo awo, sailekerera imeneyo. "Sekuru wa chiyani? Awa ndi amalume anu." Amayi anachoka ku Dedza ali mtsikana, kutsatira abambo omwe anabwera kudzasaka ntchito nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Abambo tinawaika kuno. Ndife ana a machona, ndipo m'nyumba muno Chichewa chikupumabe chifukwa cha amayi. Adzukulu awo amamva zonse, koma kuyankha amayankha m'Chishona. Zimenezi muzisunge kaye, tizipeza kutsogoloku.

Makinawo nditawatembenuza ndinapeza kuti ndi a m'ma 2011. Purosesa yake, ubongo wa makinawo, ndi Core i3 ya m'badwo wachiwiri, RAM (malo omwe makina amaikamo zomwe akugwiritsa ntchito nthawi imeneyo) ya 2 GB, ndi hard disk ija yozungulira yomwe imalira ngati kambalame ukaika khutu pafupi. Batire inali itafa kalekale, moti ukangosolola chingwe pakhoma zonse zimazima nthawi yomweyo. M'katimo munali Windows 7. Ndinaiyatsa, ndinapita kukateleka madzi a tiyi, ndinabwerako, ikadali kudzikoka. Kunena chilungamo, a ku ofesi aja sanalakwitse kwenikweni. Windows 7 inasiya kulandira zigamba zachitetezo pa 14 January 2020. Windows 10 nayo tsiku lake linali 14 October 2025. Windows 11 imafuna purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, zomwe makina a 2011 alibe. Kwa munthu yemwe amadziwa njira imodzi yokhayo, laputopu imeneyi inalidi mtembo.

Mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta mtauni anandiuzanso chimodzimodzi nditamuonetsa. Anaiyang'ana kamodzi kokha n'kuti, "Mudhara, iyi ndi ya masipeya basi." Ndinamuthokoza, n'kugula kamtengo ka RAM ka 2 GB kogwiritsidwapo kale ntchito pa imodzi mwa timashopu ta ku Gulf Complex, ndinakwera kombi n'kubwerera.

Za Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndinkazidziwa mwa apo ndi apo. Inayamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali mwana wa sukulu ya ukachenjede ku Helsinki. Chomwe iye analemba ndi mtima wa makinawo, gawo lomwe limalankhula ndi purosesa, RAM ndi zina zonse zachitsulo. Zomwe munthu amaona pa sikirini zimachokera kwa anthu ena ambirimbiri, ndipo gulu lililonse limasonkhanitsa zake n'kuzipatsa dzina. Ufa ndi umodzi, ophika ndiye ambiri, ndipo wina amaphika nsima yolimba, wina yofewa ya odwala. Choyamba chomwe ndinafuna chinali Ubuntu, chifukwa cha dzina basi. Anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo liwulo ndi lomwe ife timati umunthu, anzathu kuno amati hunhu. Koma Ubuntu ya masiku ano yanenepa. Faelo yake yoikira imaposa 5 GB, ndipo imafuna RAM yosachepera 4 GB kuti ipume bwino. Ndikanaiika, RAM yonse ikanathera pa iyo yokha, gemu n'kusowa pokhala.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira chinthu chomwe anthu ambiri sachinena poyera: kulemera kwa Linux kuli makamaka pa zovala zake. Mtima uja ndi womwewo paliponse. Chimadya RAM ndi desktop, mawindo onyezimira, tizithunzi tovinavina, ndi timapulogalamu tomwe timayenda kumbuyo iwe osatiitana. N'chifukwa chake pali Xubuntu yovala Xfce, Lubuntu yovala LXQt, ndi Linux Mint yomwe ilinso ndi mtundu wa Xfce. Pali Puppy Linux yomwe Barry Kauler wa ku Australia anaiyamba mu 2003, yaing'ono moti yonse imatha kulowa mu RAM n'kumayenda kuchokera mmenemo. Ine ndinasankha antiX. Inamangidwa pa Debian, nkhalakale yomwe Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, ndipo m'malo mwa desktop yolemera imagwiritsa ntchito timapulogalamu topepuka toyendetsa mawindo monga IceWM. Ubwino wa kumangidwa pa Debian ndi woti nkhokwe yonse ya mapulogalamu a Debian, kuphatikizapo magemu, imakhala yako.

Kuidawuniloda ndiye kunali nkhani. Miyezi imeneyo madzi anali atatsika ku Kariba, damu lopangira magetsi, magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchoka tambala asanamalize kulira. Bandulo yotchipa nayo inali ya usiku. Ndinatchera alamu, ndinalumikiza foni ku laputopu, ndinayamba kukoka faelo. Itangodutsa theka, phi! Mdima. Popeza batire ndi yakufa, makinawo anazima ngati kandulo. Usiku wotsatira ndinapitiriza pomwe panalekera, faelo inaoneka ngati yakwana, ndinailemba pa fulashi ndi kapulogalamu kotchedwa Rufus, koma poyatsa inangofika pakati n'kulavula mizere ya zilembo zosamveka. Ndinataya masiku awiri ndikuganiza kuti vuto ndi laputopu. Vuto linali ine. Faelo iliyonse yotere imabwera ndi nambala yaitali yotchedwa SHA256, yomwe ili ngati chidindo cha chala chake. Ukawerengetsa ya faelo yako n'kupeza kuti yasiyana ndi yomwe eni ake analengeza, ndiye kuti china chake chinaonongeka m'njira. Yanga inali yosiyana. Kachitatu ndinagwiritsa ntchito torrent, yomwe imakoka faelo m'tizidutswa n'kumayesa kachidutswa kalikonse pakokha, moti magetsi akathima umangotaya kochepa komwe kanali m'njira. Kwa munthu wokhala kuno, langizo limeneli ndi lofunika kuposa mkangano wonse wa kuti Linux yabwino ndi iti.

Usiku womwe inayaka bwino, anyamata onse awiri anali maso ngakhale mayi awo anali atawathamangitsira kogona. Linux imalola kuti uiyese kuchokera pa fulashi usanafufute kalikonse, ndiye tinayamba taonerera. Pakona ya sikirini panali kabokosi koonetsa mmene makina akugwirira ntchito, ndipo pa RAM panalembedwa nambala yosafika 300 MB. Ndinawaloza ndi chala monyadira ngati ndapanga ndine. Wamkulu anangoti, m'Chishona chake, zikuoneka ngati kompyuta ya ku chipatala cha kale. Sananame. antiX si yokongola. Mamenyu ake ndi otuwa, zilembo zing'onozing'ono, ndipo kuti usinthe zina umachita kutsegula faelo n'kulemba pamanja. Koma akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ukadina chinthu chimatseguka nthawi yomweyo, pa hard disk yomweija yomwe masiku apitawo inkandipatsa mpata wophika tiyi.

Mawa lake ndinamasula pansi pake kuti ndiike RAM ija. Pa fani ndinapeza fumbi litaumbika ngati kachidutswa ka bulangete, lotseka njira yonse ya mpweya. Ndinalichotsa ndi mswachi wakale. Mwezi wa October kuno kumatentha, ndipo purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Gemu yambiri yomwe anthu amati ikukakamira chifukwa cha makina akale imakhala ikukakamira chifukwa cha fumbi.

Tsopano magemu. Wamkulu anabwera ndi mayina ake okonzeka kale: Fortnite ndi mpira uja amasewera anzake pa PlayStation. Ndinayenera kumukhazika pansi, ndipo zomwe ndinamuuza ndizinenanso pano, chifukwa pa intaneti pali anthu ambiri omwe amalalikira kuti masiku ano Linux imayendetsa gemu ina iliyonse. Akunena zoona pang'ono chabe, ndipo zoona zakezo ndi za anthu a makina atsopano.

Magemu ambiri otchuka analembedwera Windows. Kuti ayende pa Linux pamafunika womasulira, ndipo womasulirayo ndi Wine, yomwe inayamba mu 1993. Gemu ikapempha chinthu m'chilankhulo cha Windows, Wine imatembenuza pempholo kuti Linux imve. Kampani ya Valve, eni ake a Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, inabweretsa Steam pa Linux mu 2013, kenako mu 2018 inatulutsa Proton, yomwe ndi Wine yowonjezeredwa mphamvu. Mu 2022 anatulutsa Steam Deck, kamakina kogwira m'manja koyendera Linux, ndipo kuyambira pamenepo magemu ochuluka zedi a Windows akuyendadi bwino. Koma chinsinsi cha liwiro la Proton chagona pa gawo lotchedwa DXVK, lomwe limatembenuza zithunzi za DirectX, njira yojambulira ya Windows, kupita ku Vulkan, njira yatsopano yomwe Linux imamva. Vulkan inabwera mu 2016. Gawo lojambula zithunzi la m'purosesa yathu, HD Graphics 3000, ndi la 2011 ndipo Vulkan siliidziwa. Pali njira yobwerera kumbuyo yodzera ku OpenGL, koma ndi yochedwa, ndipo imathandiza pa magemu akale okha. Komanso pulogalamu ya Steam payokha ndi yolemera, imadya RAM yochuluka gemu isanayambe n'komwe. Ndiye pali magemu ena a pa intaneti, monga Fortnite ndi Valorant, omwe sayenda pa Linux ngakhale utakhala ndi makina amphamvu chotani, chifukwa cha mapulogalamu awo ogwira akuba pamasewera. Ndipo tisanamizane, ngakhale laputopuyi ikanakhala ndi Windows yatsopano, magemu amenewo sakanayenda. Malire ake ali pa chitsulo.

Mnyamatayo anamva zonsezi nkhope ili gwa, n'kutuluka panja. Kwa sabata yathunthu sanaikhudze laputopuyo. Sindinamunyengerere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa zaka 14 mwambi umenewu umawawa.

Wamng'ono ndiye analibe nazo ntchito zonsezo. Ndinalemba lamulo limodzi la apt, pulogalamu yokokera mapulogalamu ku nkhokwe ya Debian ija, n'kumuikira SuperTuxKart, mpikisano wa tigalimoto momwe oyendetsa ake ndi tinyama toimira mapulogalamu aulere, kutsogolo kuli Tux, mbalame ya kumadzi oundana ija yomwe ndi chizindikiro cha Linux. Ndinatsitsa zokongoletsa zonse, mithunzi ndi kunyezimira, ndipo inayenda bwino ndithu. Anthu awiri amatha kusewera pa kiyibodi imodzi sikirini itagawidwa pakati, ngakhale kiyibodi ya laputopu imasokonezeka mabatani ambiri akadinidwa nthawi imodzi, zomwe zinabweretsa milandu yambiri ya "wandibera". Ndinaikanso Freedoom. Kampani ya id Software inatulutsa Doom mu 1993, ndipo mu 1997 inapereka poyera malamulo a pulogalamu yake, moti anthu odzipereka anajambula zithunzi ndi mabwalo awoawo aulere oyendera injini yomweyo. Iyi sinakhalitse. Amayi anangosuzumira kamodzi, anaona zilombo zikutuluka m'makoma, n'kugamula kuti ziwanda m'nyumba mwawo ayi. Mlandu unathera pomwepo, wopanda apilo.

Patapita milungu ingapo ndinazindikira kuti kuno gemu sitiiyeza ndi kukongola kwa zithunzi. Timaiyeza ndi mmene imachitira magetsi akathima. Battle for Wesnoth, ya nkhondo yosinthana mpata ngati bawo, imadzisunga yokha pa mpata uliwonse, ndiye mdima ukagwa umataya zochepa kwambiri. OpenTTD nayonso imadzisunga pafupipafupi. Imeneyi ndi yanga, ndivomere. Inachokera ku Transport Tycoon Deluxe ya Chris Sawyer ya mu 1995, ndipo ntchito yake ndi kumanga njanji, misewu ndi madoko, n'kumanyamula malasha, matabwa ndi anthu. Ndakhalapo mpaka 2 koloko usiku ndikukonza masiginolo kuti sitima ziwiri zisatsekerezane pa mphambano, munthu wamkulu ndi imvi zanga, m'mawa n'kumanamizira udzudzu.

Chinanso chomwe ndinachikonda ndi cha bandulo. Pulogalamu iliyonse yomwe apt yakoka imabwera ngati faelo ya .deb, ndipo ukhoza kuisunga, kuikopera pa fulashi, n'kukaiika pa makina ena a mtundu womwewo popanda kulipiranso data. Si kuba ayi. Chilolezo cha mapulogalamu amenewa chimanena chokha kuti gawira mnzako. Bambo wina woyandikana nafe, nayenso wa makolo a ku Malawi, anali ndi kompyuta ya patebulo yomwe inkangosungira fumbi pansi pa bedi. Tinaiikanso antiX ndi fulashi yomweija, magemu n'kusamutsa onse. Ana ake ndi athu anayamba kusinthana nyumba.

Gemu yomwe inasintha zinthu m'nyumba muno ndinaiika mosaiganizira. Mu nkhokwe ya Debian yomwe tinali nayo inkatchedwa Minetest, koma eni ake anaisintha dzina mu October 2024 kukhala Luanti. Anaiyamba mu 2010 ndi Perttu Ahola wa ku Finland. Ndi dziko la timabokosi, lofanana ndi Minecraft: umakumba, umadula mitengo, umalima, umamanga. Ubwino wake woyamba ndi woti makina awiri akhoza kusewera dziko limodzi popanda intaneti. Tinabwereka kompyuta ya aneba ija Loweruka lina, tinalumikiza onse awiri ku rauta yakale yopanda data, laputopu n'kukhala mwini dziko, inayo n'kulowa podzera pa adiresi yake ndi khomo nambala 30000. Wamkulu uja, yemwe ankati zonsezi ndi zachibwana, anabwera kudzaima kumbuyo kwa mng'ono wake. Anaima mphindi khumi. Kenako anati amuonetse mmene nyumba imamangidwira, poti iye akumanga zokhota.

Usiku wina ndikufufuza chifukwa chomwe gemuyo inkachedwera, ndinalowa m'mafoda ake. Ndinapeza kuti pafupifupi chilichonse cha m'dzikomo chinalembedwa m'mafaelo wamba a chilankhulo cha Lua, omwe ukhoza kutsegula ngati kalata. Ndinatsegula ina yotchedwa nodes.lua. Pamzere wina panalembedwa kuti description = S("Dirt"). Ndinauyang'ana mzerewo kwa kanthawi. Ndinakopera foda yonse ya gemuyo kumalo anga kuti ndisaononge yoyambirira, ndinafufuta liwu la pakati pa tizikodo tiwirito, n'kulemba kuti Dothi. Ndinayatsa gemu, ndinakumba pansi, ndinaloza kabokosi kofiirira komwe ndinatola. Pa sikirini panatuluka liwu lakuti Dothi.

Sindikudziwa mmene ndingakufotokozereni bwino zomwe ndinamva. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo tinasangalala nazo nthawi imeneyo. Koma pa moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo liwu la Chichewa m'gemu. Tsopano linali pamenepo, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa munthu, sindinalembe kalata ku kampani ina kutsidya kwa nyanja. Pali njira yake yoyenera yomasulira magemu otere, ya mafaelo apadera a zilankhulo, ndipo odziwa akanandidzudzula kuti ndadutsa chidule. Ndinadutsadi chidule. Unali usiku, ndipo magetsi sadikira munthu.

Ndinasintha ena angapo osavuta. Mwala, Mchenga, Mtengo, Madzi, Masamba. Kenako Chichewa changa cha ku Tafara chinayamba kuperewera, ndipo m'mawa ndinapita kwa mwini wake.

Amayi anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinawafunsa kuti dothi lotuwa lija la m'madzi, loumbira, timalitcha chiyani. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe, mwana wobala ine, sudziwa dongo?" Ndinati ndimalidziwa, linangondithawa. "Dothi ndi ili ukupondali. Dongo ndi la mbiya. Nthaka ndi ya kumunda, yomwe imadyetsa anthu. Zitatu zimenezo usazisakanize." Ndinabweretsa laputopu pakhondepo ndi chingwe chachitali, ndipo kwa nthawi yoyamba amayi anavala magalasi awo chifukwa cha kompyuta.

Tinayenda nawo chimodzichimodzi. Nkhwangwa, fosholo, piki, lupanga. Thonje ndi tirigu. Chomera cha m'mbali mwa madzi chomwe gemu imapangira mapepala anati ndi gumbwa, ndipo anakana zoti ndilembe bango, poti bango ndi lina. Pa timiyala ting'onoting'ono anati nsangalabwi, liwu lomwe ndinalimva komaliza ndili mwana. Miyala yakuda yoyaka ija tinakangana. Ine ndinati makala. Iwo anati makala ndi a mtengo, ootcha anthu, koma okumba pansi ndi malasha, ngati a ku Hwange. Titafika pa chibokosi chosungunulira chitsulo, ine ndinali nditalemba kale kuti uvuni. Anagwedeza mutu. "Uvuni ndi wa buledi. Ichi ndi ng'anjo." Ndipo anayamba kusimba zomwe agogo awo ankawauza, za anthu akale omwe ankasungunula miyala m'ng'anjo zadothi n'kusula makasu, nyemba zija n'kuiwalika m'lichero. Anyamata anali atakhala pansi pakhondepo. Palibe anawaitana.

Zina za m'gemumo sizinawasangalatse. Wamng'ono anawaonetsa mmene amalimira: amamenya pansi ndi khasu, nthaka n'kusanduka munda, ndipo ngati pali madzi pafupi imada n'kukhala yonyowa, mbewu n'kumera. Amayi anafunsa kuti mizere ili kuti. Anawauza kuti kulibe mizere. "Munda wopanda mizere? Mvula ikabwera zonse zipita kumtsinje." Kenako anafunsa za chimanga. Kulibe chimanga, kuli tirigu ndi thonje basi. Apa ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Dziko lonse lalikulu chonchi, mapiri ndi nyanja, koma anthu ake ogona ndi njala.

Nkhani ya chimangayo inamukhudza wamkulu. Anatenga foni ya mayi ake, anafufuza, n'kupeza kuti pali chowonjezera china chotchedwa Farming Redo chomwe chili ndi chimanga, nyemba, tomato ndi mbewu zina. Ndi kafaelo kakang'ono, sikanadye bandulo. Anakaika yekha. Madzulo ake anaitana agogo ake kuti adzaone chimanga chitatalika kuposa munthu, ndipo iwo anati chabwino, tsopano anthuwa akhoza kukwatira.

Tsiku lina ndinaononga zinthu. Ndikusintha mayina a zitseko mothamanga, ndinafufuta kachikodo kamodzi kotsekera liwu. Gemu inakana kuyamba, inangotulutsa uthenga wautali wa zolakwika. Ndinayang'ana faeloyo mpaka maso kuwawa, osaona kanthu. Wamkulu anasuzumira paphewa panga, anawerenga uthengawo modekha, n'kundiuza kuti ukutchula dzina la faelo ndi nambala ya mzere. Anatsikira pa mzerewo, anabwezera kachikodoko, gemu n'kuyaka. Sananene kanthu, koma kuyambira tsiku limenelo faelo za Lua ndi zake. Anayamba kusintha zoposa mayina. Anapeza pomwe pamalembedwa mphamvu ya zida, n'kupanga khasu losatha. Anajambula kachithunzi kake ka njerwa zofiira ngati za nyumba zathu zino, ka timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, n'kukalowetsa m'malo mwa kakale. Za Fortnite amazitchulabe, ndisaname, ndipo akapeza ndalama amapita kokalipira kusewera mpira pa PlayStation kumashopu. Sindimuletsa. Koma kumeneko amakasewera chomwe anamupatsa, pomwe kuno amachita kutsegula m'mimba mwake.

Chinandidabwitsa china ndi ichi. Ana a aneba atalowa m'dziko lathu kuchokera pa kompyuta yawo, mayina a Chichewa aja anawapeza okha, ngakhale kwawoko sitinasinthe kalikonse. Makina omwe asunga dziko ndi omwe amatumiza mayina ndi zithunzi kwa aliyense wolowa. Ndiye Loweruka masana m'chipinda chochezera mumakhala ana asanu, onse olankhula Chishona, akukuwirana za malasha ndi gumbwa, chifukwa ndi zomwe zalembedwa pa sikirini ndipo palibe nthawi yomasulira pamene mnzako akugwera m'dzenje.

Pali mwala umodzi womwe mpaka lero ulibe dzina. M'gemumo umatchedwa Mese, wachikasu, wopezeka pansi kwambiri, ndipo ndi wongopeka, padziko lenileni kulibe. Amayi akuti chinthu chomwe sanachionepo sangachitche dzina, angachite ngati akunamiza ana. Wamng'ono akufuna tiutche Golide wa Agogo. Amayi akuti iwo golide sanamugwirepo chibadwire, ndiye tisawanyoze. Tausiya choncho.

Laputopuyo tsopano ili ndi SSD yaing'ono, chosungira mafaelo chosazungulira komanso chachangu kuposa hard disk, yomwe ndinagula nditalandira ya ganyu ina, ndipo imayaka tiyi asanaganiziridwe n'komwe. Batire ikadali yakufa. Hinji ya kumanzere inathyoka, sikirini timaitsamiritsa ku chitini cha shuga.

Lamlungu lapitali magetsi anakhalitsa mpaka madzulo. Anyamata anali pa makina awiri aja, akumanga mlatho pa mtsinje wina. Amayi anali pampando wawo pafupi ndi khomo, maso ali pa nsalu yomwe ankasoka, ngati sakumva chilichonse. Wamng'ono anasowa chodulira mitengo, ndipo osatembenuka n'komwe anakuwa kwa mkulu wake, m'Chichewa choyera kuyambira koyamba mpaka kumapeto: "Iwe, ndipatse nkhwangwa!"

Ine ndi mlongo wanga tinayang'anana. Amayi sanadzutse mutu. Analuma ulusi, anaulavula, n'kunena kuti, "Ndani ameneyo ukumuti iwe? Uziti, achimwene, ndipatseni nkhwangwa."